Ma iris anga akuwola ndi mvula, chonsecho anandiuza kuti ndi opirira chilala

Amake Tadala (Chalala): Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni abale mutu wanga waima. Mlamu wanga anandibweretsera ma iris kuchokera ku Johannesburg chaka chatha mu Epulo, aja a maluwa akuluakulu a pepo okhala ndi tindevu pakati, anati awa savuta ngakhale madzi kulibe amapirira, ndiye ine poti kuno ku Chalala mu Lusaka timadalira borehole ndipo malaiti akapita pampu nayo yagona ndinati eya awa ndiwo anga. Ndinabzala 8 pafupi ndi geti. Nyengo yonse yozizira anali bwinobwino, masamba ali chilili ngati malupanga, Okutobala ndi kutentha konse kuja sanafote n'komwe. Manje mvula yangolimbikira masabata atatu awa, dzulo ndangogwira tsamba limodzi lazuka lokha, pansi pake pofewa ngati mbatata yowola, fungo lake mayo ine ngati khoswe wafera kudenga. Atatu apita kale. Komanso duwa ngakhale limodzi sindinalionepo chibzalireni. Ndalakwitsa pati?

Atate a Mphatso (Makeni): Pepani amai. Munawakwirira mozama bwanji? Nanga pansi munaikapo chiyani?

Amake Tadala (Chalala): Ndinakumba ngati chikhatho chimodzi mmene timachitira mbatatesi, n'kuthira zitosi za nkhuku zambiri ndithu poti khola tili nalo kuseri, pamwamba n'kuyala udzu wouma kuti chinyezi chisamathawe. Ndimathirira kawiri pa sabata mpaka mvula itayamba

Atate a Mphatso (Makeni): Aaa ndiye mwaphonya zitatu pakamodzi 😂 kukwirira, zitosi, udzu. Chija chonenepa ngati jinja chija si muzu weniweni, ndi tsinde logona chabe, mizu yeniyeni ndi tija toonda totuluka kunsi kwake. Timizu tilowe pansi, jinjayo akhale pamwamba.

Agogo a Gadeni (Bauleni): Mwanawe tamvera ndikuuze. Ine ndagwira ntchito ya m'gadeni ku Kabulonga zaka zambiri ndisanapume, adona a panyumbapo anali nawo mzere wonse kutsata khoma la fensi. Sabata yanga yoyamba ndinawaunjikira dothi ngati ndikubandira chimanga, ine n'kumadziona kuti ndagwira ntchito yotamandika, adona atabwera anandibweza kuti ndikafukule onse ndi manja, osati ndi khasu, ndi manja. Msana wa jinjayo uzioneka ngati ng'ona yowothera dzuwa pamchenga ku Luangwa, theka m'dothi theka panja. Ndipo sitinkabzala pathyathyathya ayi, tinkaumba kamzere kokwera ngati ka mbatata, dothi losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, kuti mvula ikagwa madzi azingotsetsereka osakhazikika. Zaka zonsezo chilimwe sichinaphepo ngakhale limodzi. Wakupha anali Januwale ndi Febuluwale.

Mfana wa ku Kabwata: Amai zulani zonsezo mubzale chibwabwa, chibwabwa sichinakhumudwitsepo munthu, masamba mudya maungu mudya nthanga mudya, iris mudyapo chani

Amake Tadala (Chalala): Iwe chibwabwa chilipo kale kuseri chayanga mpaka pa khola, pa geti ndikufuna alendo aziti apa pali mzimayi 😂

Mlangizi Wopuma (Chilanga): Zomwe anena agogo ndi zoona, ine ndingowonjezera chifukwa chake. Mtundu wa tindevuwu, m'mabuku amati Iris germanica, makolo ake ndi a madera ozungulira nyanja ya Mediterranean. Kumeneko mvula imagwa nyengo yozizira, kukatentha kumakhala kouma gwa, ndiye mbewuyi inazolowera kuti nthawi yotentha izipsa ndi dzuwa ili phee. Ife kuno n'zotembenuka, kutentha ndi mvula zimabwerera limodzi, pafupifupi mamilimita 800 a pachaka pafupifupi onse amagwa kuyambira Novembala kufika Malichi. Manje ganizani, kukutentha, dothi lanyowa, zitosi zosapsa zagundana ndi jinja, udzu wavindikira pamwamba, limenelo ndi phwando la mabakiteriya. Fungo mwamvalo ndi lawo, ndi omwewo amene amawoletsa kabichi ndi mbatatesi.

Ndiye mawu oti kupirira chilala amatisokeretsa ife a ku Lusaka. Nyengo yathu si youma chabe, ndi yosadziwika mutu wake. Mukukumbuka 2024, mvula inathawa chimanga chili pa ngayaye mpaka a President Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anatsika, malaiti n'kumasowa tsiku lonse. Chaka china ndiye madzi mpaka kulowa m'nyumba. Mbewu yoti ikhalitse pano iyenera kupirira zonse ziwiri, miyezi 7 yopanda dontho kenako miyezi inayi kapena isanu ya matope. Chokoma chimodzi n'chakuti mbali zambiri za Lusaka zakhala pa mwala wa laimu, n'chifukwa chake simenti imapangidwa kuno ku Chilanga ndipo maketulo anu amachita zoyera mkati, ndipo iris wa tindevu sadana ndi laimu. Amene amadana naye ndi wa ku Japan uja Iris ensata, amafuna dothi lowawasa komanso lonyowa nthawi zonse, ameneyo musatayirepo ndalama.

Amake Tadala (Chalala): Zikomo atate, ndamva ngati ndili m'kalasi. Nanga asanu otsalawa ndichite nawo bwanji, ndidikire mvula ithe?

Mlangizi Wopuma (Chilanga): Mukadikira mupeza phala. Fukulani lero lomwe. Tsukani, dinani ndi chala paliponse, pofewa ponse dulani ndi mpeni mpaka mufike poyera polimba ngati chinangwa chabwino, musamve chisoni ngakhale patsale kachidutswa. Sakanizani Jik kapu imodzi ndi madzi makapu 9, viikanimo kanthawi kochepa, mpeni nawo muziuviika musanadule lina, kenako tsukuluzani ndi madzi oyera n'kuyanika pakhonde posafika mvula masiku awiri kapena atatu bala liume. Masamba dulani atsale ngati masentimita 15 kuti mphepo isamawagwetse mizu isanagwire. Dothi lomwe munawoleramo lichotseni, musabwezeremo. Feteleza ngati mukufuna ndi ka D compound kakang'ono mozungulira patali, poti ndi 10-20-10, naitirojeni wake ndi 10 chabe pa 100, koma urea musayerekeze, naitirojeni wake ndi 46 pa 100, amangofewetsa jinja n'kukupatsani masamba okhaokha.

Agogo a Gadeni (Bauleni): Ife pabalapo tinkapaka phulusa la pa mbaula, basi. Jik anali wochapira.

Sisi wa Maluwa (Great East Road): Ndilankhulepo nanenso ngakhale muziti ndikutsatsa malonda. Ine ndimagulitsa maluwa m'mbali mwa msewu, ndatopa kuona azimayi akulira ndi ma iris a kunjawa. Bwanji osabzala wa kuno ku Africa konkuno? Dietes, ambiri amangoti wild iris. Mumawaona tsiku lililonse koma simuwazindikira, pa ma mall poimika magalimoto, m'mbali mwa mafensi a maofesi, masamba aatali oonda olimba ngati udzu waukulu. Alipo oyera okhala ndi pepo pakati ndi kachikasu, ameneyo ndi grandiflora, alipo achikasu chotuwa okhala ndi timadontho titatu takuda, ameneyo bicolor. Mu 2024 muja ife tinkagula madzi a m'madiramu, ndinkachita kusankha kuti lero amwe ndani, ma hydrangea onse anapita, ma fern anapita, Dietes ndinawasiya kumapeto kwa mzere milungu yathunthu osawayang'ana n'komwe, anangopsa kunsonga basi. Mvula itabwera madzi anaima m'nazale masiku angapo iwo ali chilili. Chaka choyamba chokha muziwathirira kuti agwire, akagwira mwathana nazo.

Anti a ku Ibex Hill: Koma sisi tinene zoona, amenewo si ma iris enieni, ndipo ndi maluwa a pa car park. Mayiyu akufuna chinthu choti munthu aime pa geti n'kufunsa kuti ichi n'chiyani. Ine a tindevu ndili nawo chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano ndipo amachita maluwa Seputembala aliyense, musamuopseze mnzathu. Chinsinsi changa ndi malo. Ndinawaika mbali ya kumpoto kwa nyumba poti nyengo yozizira dzuwa limapendekera kumeneko, pafupi ndi khoma pansi pa malata otulukira pang'ono, ndiye mvula yambiri imawaphonya koma dzuwa limawapeza maola opitirira 6. Ena ali m'madiramu odula pakati, pansi ndinaboola mabowo ambiri n'kuika zidutswa za mabuloko. Mvula ikayamba kheni ndimaipachika, sindithirira mpaka Meyi, ndipo ngakhale nyengo yozizira ndi kamodzi pa sabata kapena masabata awiri. Kamnyamata kothandiza m'gadeni ndinachita kukaletsa, kanali ndi mtima wabwino wothirira chilichonse.

Za kusachita maluwa amake Tadala musadandaule kwambiri, chaka choyamba nthawi zambiri amakhala akukhazikika, ndiye inu munawakwiriranso. Koma ndikuuzeni chomwe ndaona ine, aja amakono a maluwa opotanapotana ngati diresi ya ukwati, amitundu iwiri itatu, kwa ine amangobereka masamba chaka ndi chaka, ndikuganiza chisanu chathu chimawachepera poti Juni ndi Julayi wathu usiku kumangozizira kufika madigiri 8, 9, 10, pomwe ku Johannesburg kumachita chisanu choyera pa kapinga. Amene sandigwiritsa mwala ndi akalekale aja, a pepo wamba ndi oyera aafupi, amene amangopatsirana ma neba.

Sisi wa Maluwa (Great East Road): Anti, a pa car park omwewo ndi amene ali moyo mpaka lero 😂 inu muli ndi thanki ndi sola, mnzathu wanena kuti pampu imagona

Anti a ku Ibex Hill: Nanga ndanena kuti azithirira? Ndati asathirire! Vuto lake si madzi kuchepa.

Mlangizi Wopuma (Chilanga): Nonse mukulondola, musakangane. Dietes si wa mtundu wa Iris weniweni koma banja ndi limodzi, Iridaceae, pamodzi ndi gladiolus. Mitundu yake ilipo 6, isanu ndi ya kuno ku Africa makamaka South Africa, umodzi wokha uli pa kachilumba ka Lord Howe kufupi ndi Australia, zodabwitsa ndithu. Kwawo kwa grandiflora ndi kum'mawa kwa South Africa komwe mvula imagwa nthawi yotentha ngati kuno, n'chifukwa chake Januwale wathu samudabwitsa. Anti, oyera aafupi mukunenawo angakhale Iris albicans, wochokera ku Yemen ndi Saudi Arabia, wolimba kwambiri pa chilala, anafalikira maiko ambiri chifukwa Asilamu ankamubzala pa manda.

Amake Tadala (Chalala): Maluwa a kumanda pa geti panga?? Apongozi anga akamva zimenezo ndiye ndasamuka 😂😂

Mfana wa ku Kabwata: Ndinanena ine za chibwabwa

Sisi wa Maluwa (Great East Road): Chimodzi ndiwonjezere kwa amene atenge Dietes woyera, duwa likafota musadule kamtengo kake kaja, anthu ambiri amalakwitsa pamenepa pofuna kuti pazioneka paukhondo. Kamtengo komweko kamatulutsanso maluwa ena mobwerezabwereza mpaka chaka chinacho. Duwa limodzi limakhala masiku atatu likachuluka, koma amabwera onse pakamodzi, kenako phee, pakapita masabata awiri abweranso. Makasitomala anga achikulire amati akatuluka onse pakamodzi ndiye kuti mvula ili pafupi, ine ndimangoti eya poti nthawi zina zimachitikadi. Muzithyola chabe timabokosi ta njere ngati simukufuna kuti amere paliponse, chifukwa kumera amamera ngati bonongwe.

Amake Dalitso (Kanyama): Nanga ife a ku Kanyama kumene madzi amaima mpaka m'mawondo, pansi ndi mwala wokhawokha, tingabzale uti?

Atate a Mphatso (Makeni): A tindevu pansi iwalani amai. Sanjani matayala awiri kapena chidebe pamwamba pa mabuloko madzi asafikepo. Alipo ma Louisiana iris ochokera kumadambo a ku America, amenewo kuima m'madzi ndi kwawo, koma ikafika Ogasiti mpaka Okutobala afunanso madzi omwewo, ndiye mukhala mukuwagulira pa kiosk. Ine ndikanakhala inu Dietes m'tayala basi.

Amake Dalitso (Kanyama): Matayala ndiye alipo ambiri, zikomo

Mwana wa Agogo (Chelstone): Ine pansi pa mtengo wa kotapela palibe chimamera, koma pali ka iris kena kamene ndinapatsidwa kutchalitchi, duwa loyera ndi buluu limatuluka m'mawa madzulo lafota, kenako pamene panali duwa pamamera kamwana, kamtengo n'kuwerama mpaka kugunda pansi kamwanako n'kugwira mizu. Chaka ndi chaka kakusuntha, kanayambira pa tsinde manje kafika pa waya woyanikira zovala.

Sisi wa Maluwa (Great East Road): Ameneyo ndi walking iris, Neomarica, kwawo ndi ku Brazil. Wa mumthunzi ameneyo, mukamuika padzuwa la Okutobala apsa. Madzi otsukira mbale opanda sopo wambiri amamukwanira. Winanso wosavuta ndi uja wa maluwa a olenji a mawangamawanga ngati kambuku, njere zake zakuda zonyezimira zimaunjikana ngati mabulosi, kale ankati Belamcanda manje anamulowetsa mu Iris, Iris domestica. Amamera ndi njere, mvula yathu saiopa bola madzi asaime.

Mfana wa ku Kabwata: Ok serious manje, ndinaona pa Facebook iris wakuda bii, ati ndi duwa la dziko la Jordan ndipo limamera m'chipululu. Limenelo si ndiye loyenera kuno? Ndikufuna ndiodere mayi anga

Mlangizi Wopuma (Chilanga): Iris nigricans ameneyo, n'zoona ndi duwa la fuko la Jordan. Koma mwana wanga ndiwo msampha womwe tikunenawu. Gulu limenelo, ma aril, limafuna kuti nthawi yotentha lisaone dontho ngakhale limodzi. Ngati a tindevu wamba awola chonchi ku Chalala, ameneyo sangafike Khirisimasi. Komanso mbewu yamoyo simangoitanitsa kunja ngati nsapato, pamafunika chilolezo cha a zaulimi oona za matenda a mbewu, ofesi yawo ili ku Mount Makulu kuno ku Chilanga. Konko mukhozanso kupititsa dothi lanu akaliyeze.

Amake Tadala (Chalala): Mlamu wanga anangoika mu handbag atakulunga m'nyuzipepala, tisazitchule zimenezo 🙈

Mlimi wa ku Chongwe: Ndakhala ndikuwerenga chete. Chenjezo langa ndi la ziweto. Kumadambo kwathu kuno aliko achibale a ma iris akutchire, Moraea, timaluwa ta pepo tokongola, koma mitundu yambiri ya Moraea ndi poizoni kwa ng'ombe, makamaka zachilendo zomwe sizinazolowere dambolo, ndipo amaphuka msipu usanamere bwino ndiye ng'ombe yanjala imangodya. Musakumbe zakutchire n'kubweretsa pafupi ndi khola. A m'gadeniwo nawonso jinja wake si wodya, galu akatafuna amasanza ndi kutsekula m'mimba, ndiye amake Tadala poyanika pakhondepo muike pamwamba, ndipo ana muwauze kuti si jinja wa mu tiyi.

Anti a ku Ibex Hill: Zoona, kagalu kanga kanachitapo zimenezo. Chodabwitsa n'chakuti jinja yemweyo ku Italy kufupi ndi Florence amamulima mwadala, amasenda n'kuumitsa zaka zitatu kapena kuposa, ndiye amapangira perefyumu wodula kwambiri, amati orris. Ife tikulimbana ndi fungo la khoswe anzathu akupanga ndalama.

Atate a Mphatso (Makeni): Funso kwa agogo ndi anti, kugawa mumagawa liti? Anga athithikana, pakati pafa pangotsala mphete.

Anti a ku Ibex Hill: Pakapita zaka zitatu kapena zinayi. Ine ndimagawa akangomaliza maluwa mu Okutobala kuti mizu igwire mvula isanalimbe, jinja wakale wapakati kutaya poti sachitanso duwa kachiwiri, kutenga ana a m'mbali okhala ndi masamba, kutalikitsa masentimita 30 mpaka 40.

Agogo a Gadeni (Bauleni): Ayi mwanawe Okutobala ndi kuika bala pamvula. Ife tinkagawa Epulo mvula itakata, dothi likadali ndi kachinyezi, bala limauma bwino ndi mphepo ya Meyi.

Anti a ku Ibex Hill: Koma agogo mukagawa Epulo Seputembala wake maluwa amachepa, ndinayesapo

Agogo a Gadeni (Bauleni): Amachepa inde koma palibe amafa. Gawani theka Epulo theka Okutobala mudzatiuze, ine ndakalamba sindikangana pa foni, zala zimapweteka.

Mwana wa Agogo (Chelstone): Nanga aja okhala ngati anyezi amagulitsa m'mapaketi?

Sisi wa Maluwa (Great East Road): Dutch iris. Kubzala Epulo kapena Meyi, amenewo ndiye mumakwirira ndithu ngati masentimita 10, kuthirira nyengo yonse yozizira, maluwa cha mu Ogasiti kapena Seputembala, masamba akauma kufukula n'kusunga pouma. Okongola mu vazi koma ndi a anthu a madzi, ndipo ambiri chaka chachiwiri sabweranso bwino.

Amake Tadala (Chalala): Ndabweranso abale. Ndafukula onse asanu, mvula ikuwaza ine ndili ndi chitenje kumutu. Awiri anali olimba gwa, timizu toyera, m'mbali muli tiana tiwiritiwiri totuluka ngati timano. Awiri ndadula pafupifupi theka, mkati munali zachikasu zotuwa zonanda ngati phala la dzulo, ndachita kupala ndi supuni mpaka poyera, Tadala wathawa pakhonde ati amami mwaphika chani. Lachisanu ndangolitaya, linatsala chikopa chokha mkati muli madzi, ndipo pansi pa udzu uja ndapezamo nkhono zinayi ndi chiswe. Zitosi zinali zikadali zonyowa zakuda mmene ndinaziikira. Ndaviika mu Jik, ndapakanso phulusa kuti agogo asakwiye, manje ali pamwamba pa shelefu ya nsapato pakhonde, bambo a kunyumba akungondiyang'ana.

Agogo a Gadeni (Bauleni): Wachita bwino mwanawe. Usathamangire kubzala, ngakhale sabata yonse akhala osafa.

Amake Tadala (Chalala): Diramu lodula lilipo lomwe tinkasungira madzi nthawi ya load shedding, ndilibowola mawa ndiliike kumpoto monga anena anti. Pa geti ndiye ndagonja, sisi mundisungire Dietes, oyera 6 achikasu 4, ndidzadutsa Loweruka ndikuchokera ku msika wa Soweto. Osati a kumanda aja.

Sisi wa Maluwa (Great East Road): Alipo, mubwere ndi saka kapena katoni poti mapepala ake ali ndi matope. Mufike isanakwane 12, masana mvula ikumatithamangitsa.

Mfana wa ku Kabwata: Sisi muikepo awiri a mayi anga, ndidzatenga pamodzi ndi amake Tadala. Achikasuwo